Chimanga kapena tambala basi? Mafunso ndi mayankho pa kavotedwe kathu ndi ka mayiko ena

Ndinagwirapo ntchito yowerenga mavoti kawiri pasukulu ina yapulaimale chakufupi ndi Ngabu. Chichokereni pamenepo, anthu amanditenga ngati wodziwa zonse za chisankho. Amandifunsa pabawo, pamaliro, m'minibasi yochokera ku Nchalo kupita ku Bangula. Mafunso ake amakhala omwewomwewo, ndipo ambiri amayamba ndi mawu akuti "tatopa". Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho anga. Pamene ndikunena maganizo anga ndizinena kuti ndi anga.

Zipani zilipo mbwee m'Malawi muno. Nanga mukati ndale za zipani ziwiri mukutanthauzanji?

Papepala zilipodi zambiri. Pa 16 September 2025 anthu 17 anapikisana paudindo wa pulezidenti, pepala lake lalitali ngati mpango. Koma Peter Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera 33. Anthu awiri anagawana mavoti 90 pa 100, ndipo wachitatu sanafike ngakhale 5. Mu June 2020 zinalinso chimodzimodzi: Chakwera pafupifupi 59, Mutharika pafupifupi 40.

Kale sizinali choncho. Mu 2004 Bingu wa Mutharika analowa m'boma ndi mavoti 36 okha pa 100, John Tembo ndi Gwanda Chakuamba akumupumira m'khosi. Mu 2014 panali zigonagona zinayi: Peter Mutharika, Chakwera, Joyce Banda ndi Atupele Muluzi. Mu 2019 Saulos Chilima anatenga 20 pa 100. Tsono mpikisano wa pulezidenti ukupanikizika, ukutsala wa DPP ndi MCP. Ku Nyumba ya Malamulo nkhani ndi ina, tifikako.

Chimachititsa n'chiyani kuti zazing'ono zizifa?

Ndalama zilipo, chigawo chilipo, mtundu uliponso. Koma chinthu chimene anthu sachiganizira ndi kawerengedwe ka mavoti. Phungu ndi khansala timawasankha motere: dera limodzi, mpando umodzi, amene waposa anzake ngakhale ndi voti imodzi watenga zonse. Njira imeneyi tinatengera kwa Angerezi.

Ndikuuzeni zimene ndinaona. Titatseka bokosi madzulo tinakankhira madesiki pakati pa kalasi, nyali ziwiri zikuyaka, udzudzu ukutidya m'miyendo, mamonita a zipani atatizungulira ndi makope awo. Pepala lililonse timalikweza m'mwamba, kutchula dzina, kuliika pamulu wake. Milu inali isanu ndi itatu. Ya anthu awiri inkakwera mofanana, ina itatu inali yapakatikati, yotsalayo yopyapyala. Pofika pakati pausiku wopambana pamalo athu anadziwika, koma ine ndinayang'ana milu ya olephera ija. Mukanaiphatikiza ikanaposa wa wopambanayo kawiri. Monita wina wachinyamata, amene munthu wake anathera pachitatu, anatseka kope lake n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ulendo wina ndidzangovotera wamphamvu, izi n'kutaya voti."

Mnyamatayo ananena m'chiganizo chimodzi zimene katswiri wina wa ku France, Maurice Duverger, analemba cha m'ma 1950. Pamene wopambana amatenga zonse, ovota amaleka kutsata amene akumufuna, amatsata amene angagwetse amene akumuda. Anthu andalama nawo amathawira kwa amene akuoneka kuti apambana. Pakatha zisankho zitatu zinayi, zipani zazing'ono zatsala m'chikwama cha mwini wake.

Nanga lamulo la 50+1 silinabwere kudzakonza zimenezi?

Linakonza china, n'kulimbitsa china. Pa 3 February 2020 oweruza asanu a khothi loona za malamulo oyendetsera dziko anathetsa chisankho cha pulezidenti cha May 2019, chija cha Tippex, ndipo ananenanso kuti wopambana ayenera kuposa theka la mavoti onse. Khothi la Supreme linavomereza mu May chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo palibenso wolamulira dziko ndi mavoti 36 kapena 38 pa 100. Pakasowa woposa theka, awiri apamwamba amabwereza. Ichi ndi chabwino ndipo sindingalole kuti chichoke.

Koma taonani mmene andale anachilandirira. Lamuloli linayenera kumasula wovota: ulendo woyamba votera wakumtima kwako, ulendo wachiwiri sankha pakati pa awiri. Ku France amatero. Kuno atsogoleri amathamangira kupangana chisankho chisanafike. Mu 2020 zipani zisanu ndi zinayi zinalowa mu Tonse, mbali inayi DPP inagwirana ndi UDF. Wovota anapeza misasa iwiri itamangidwa kale. Mpaka lero sitinachitepo chisankho chachibwereza cha anthu awiri apamwamba, choncho mphamvu imene wachitatu amakhala nayo pa ulendo wachiwiri sitinaione n'komwe.

Dziwaninso kuti 50+1 ndi ya pulezidenti yekha. Phungu wanu angathe kupita ku Lilongwe anthu atatu mwa anayi alionse atamukana.

Kodi ife a m'Chigwa cha Shire voti yathu imawerengedwa kanthu? Ndife ochepa.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, pa anthu 17.5 miliyoni a dziko lonse. Ndiye kuti ndife asanu pa 100 alionse. Zikuoneka zochepa, koma mu 2019 kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri kunali 3 pa 100. N'chifukwa chake nthawi ya kampeni galimoto zimatsika Thabwa zitandondozana.

Vuto lathu si kuchepa. Vuto ndi loti voti ya m'Chigwa yakhala ikugulitsidwa pamtolo, kudzera mwa munthu mmodzi wamkulu. Gwanda Chakuamba, Mbuya mwiniwake, anakhala m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1993, anatuluka n'kukhala wachiwiri kwa Kamuzu pachisankho cha 1994. Mu 1999 anapeza mavoti 45 pa 100, mu 2004 anathera pachitatu ndi Mgwirizano Coalition, ndipo posakhalitsa anagwirizana ndi boma limene ankalitsutsa. Kumene iye wapita, Chigwa chinkapita komweko. Kenako kunabwera Sidik Mia, amene anadutsa mu DPP ndi PP asanalowe MCP mu 2017, n'kukhala wachiwiri kwa Chakwera pachisankho cha 2019. Onse awiri anatisiya. Sindikuwanyoza, anali ndi zawo zimene anachita. Ndikungoti chipani chikadziwa kuti kugwira munthu mmodzi n'kugwira maboma awiri, sichivutikanso kukambirana ndi alimi a thonje a ku Ngabu za mtengo wa thonje.

Umboni wake uli pa Mtayamoyo. Madzi anadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997. UDF, DPP, PP ndi MCP zonse zalawako boma chichitikireni zimenezo, ndipo wopita ku Makhanga akulipirabe bwato. Doko la Nsanje linatsegulidwa ndi chimkokomo mu October 2010, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pompo. Pitani mukaone chimene chikukocheza. Munthu wa kuno akamati "onsewa ndi amodzi" sakunena zopanda mutu.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023 ndinakaona achibale pamsasa wina wa anthu othawa madzi. Mayi wina anatchinga pogona pake ndi nsalu zitatu: yabuluu, yalalanje, ndi ya tambala. Nditaseka, anandiyankha kuti, "Achimwene, musaseke. Pa zonse zimene analonjeza, zimene zinafika ndi izizi."

Ku America ndi ku Britain, kumene demokalase inakhwima, amatani?

Akudandaula ngati ife. Ku America mipando yonse ikuluikulu imasinthana pakati pa Democrats ndi Republicans. Mu 1992 mkulu wina wachuma, Ross Perot, anaima payekha n'kupeza mavoti 19 pa 100, koma sanapambane chigawo ngakhale chimodzi. Kumenekonso pulezidenti sasankhidwa ndi chiwerengero cha mavoti a dziko lonse. Chigawo chilichonse chili ndi mavoti ake apadera, onse pamodzi 538, ndipo wofika 270 ndiye wapambana. Mu 2016 Hillary Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni, koma analowa ndi Trump. Mu 2000 nkhani inathera ku Florida pa mavoti 537 okha, ndipo mpaka lero ena amaloza chala Ralph Nader, wa chipani chaching'ono, kuti anagawa mavoti. Wachitatu kumeneko amatengedwa ngati mfiti.

Ku Britain, kumene tinatengera njira yathu, chisankho cha July 2024 chinaonetsa poyera. Labour inapeza mavoti 34 pa 100 koma inatenga mipando yoposa 400 mwa 650. Reform UK inapeza 14 pa 100 n'kutenga mipando isanu. Liberal Democrats, ndi mavoti ochepera pamenepo, inatenga 72, chifukwa anthu ake anaunjikana m'madera ena. Njira imeneyi imakonda chipani chokhala ndi kwawo. N'chimodzimodzi kuno: Chilima anapeza mavoti oposa 1 miliyoni mu 2019 koma chipani chake cha UTM chinangotenga aphungu anayi, pamene UDF, yokhala ndi mudzi wake ku Mangochi ndi Machinga, inatenga khumi.

Kunena chilungamo, njirayi ikakwiya imasesa. Ku Botswana mu October 2024 chipani cha BDP, chimene chinalamulira zaka 58, chinatsala ndi aphungu anayi okha ngakhale chinapeza mavoti pafupifupi 30 pa 100.

Mwana wanga ali ku Joni akuti kumeneko savotera munthu, amavotera chipani. N'zoona?

Kwenikweni n'zoona. Nyumba ya Malamulo ya ku South Africa ili ndi mipando 400, ndipo imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza. Chipani chikapeza 10 pa 100 chimatenga mipando pafupifupi 40. Chipani chilichonse chimalemba mndandanda wa anthu ake chisankho chisanachitike, ndipo amalowa kuyambira pamwamba. Kenako aphunguwo ndiwo amasankha pulezidenti. Mu May 2024 ANC inatsika kufika pa 40 pa 100, mipando 159. DA inatenga 87, MK ya Jacob Zuma 58, EFF 39, ndipo zipani 18 zinalowa m'nyumbamo. Kwa nthawi yoyamba chichokereni 1994, ANC inalephera kuposa theka la mipando, ndipo inakakamizika kugawana boma ndi ena.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Milu ya olephera ija ndinaiona ku Ngabu sikanapita kudzala, ikanaphatikizidwa ndi ya ku Karonga ndi ku Dedza n'kubala phungu. Chipani chikhozanso kuika amayi pamndandanda mosinthana ndi abambo, ndipo n'chifukwa chake ku South Africa aphungu achizimayi ndi ochuluka kuposa kuno, kumene mu 2019 sanafike 50 mwa 193.

Koma walira mvula walira matope. Ndifunseni kuti phungu wa pamndandanda mungamupeze kuti madzi akalowa m'nyumba usiku. Alibe dera. Bwana wake ndi amene amalemba mndandanda ku likulu la chipani. Kuno phungu timamudziwa pakhomo pake, timakamudzutsa m'mawa, nthawi zina pa zinthu zimene si ntchito yake n'komwe monga bokosi lamaliro. Mndandanda ukalembedwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mwana wa ku Ndamera adzakhala nambala chani? Ili ndi funso limene okonda njira imeneyi sanandiyankhepo mogwira mtima.

Ndiye kugawa mipando motere kumathetsa ulamuliro wa chipani chimodzi kapena ziwiri?

Wolokani pa Marka mukafunse. Mozambique imagawa mipando yake 250 molingana ndi mavoti, koma Frelimo yalamulira kuyambira 1975, ndipo kwa zaka zambiri mpikisano unali wa Frelimo ndi Renamo basi. Chisankho cha October 2024 chitatha, Daniel Chapo atalengezedwa kuti wapambana ndipo Venâncio Mondlane atakana zotsatira, kunabuka zipolowe, ndipo mu December anthu masauzande anawoloka kubwera ku Nsanje kuno. Tinawaona ndi maso athu, ana kumsana, mitolo pamutu. Ngati anthu sakhulupirira owerenga mavoti, njira yogawira mipando ilibe ntchito.

Mbali inanso, zipani zikachuluka kwambiri boma limavuta kupanga. Belgium inakhalapo masiku 541 opanda boma latsopano pakati pa 2010 ndi 2011. Israel inavota kasanu pakati pa 2019 ndi 2022. Ife ndalama yovota kasanu tilibe.

Palibe njira yapakati, yoti phungu wa dera akhalepo koma voti isatayike?

Ilipo, ndipo ndi imene ine ndimaikonda. Ku Germany munthu amavota kawiri papepala limodzi: voti ya munthu wa dera lake, ndi voti ya chipani. Voti yachiwiriyo ndi imene imanena kuti chipani chikhale ndi aphungu angati onse pamodzi. Chipani chosafika 5 pa 100 nthawi zambiri sichilowa, kuti nyumba isadzaze tizipani ta m'chikwama. New Zealand inatopa ndi njira ya Angerezi, anthu anavota pa referendamu mu 1993, chaka chomwe ife tinkasankha nyali, ndipo kuyambira 1996 akugwiritsa ntchito njira yosakanizayi.

Chitsanzo chapafupi ndi Lesotho. Mu 1998 chipani cha LCD chinapeza mavoti pafupifupi 60 pa 100 koma chinatenga mipando 79 mwa 80. Otsutsa anakwiya, Maseru inapsa, asilikali a South Africa ndi Botswana analowa. Kuyambira 2002 ali ndi mipando 120: ya madera 80, ndi 40 yolipira zipani zimene zinapeza mavoti ambiri koma madera ochepa. Sizinawathere mavuto, maboma amgwirizano anagwa motsatizana mpaka anavota mu 2012, 2015 ndi 2017. Koma chipani chotenga zonse sichinaonekenso.

Tiyerekeze kuno. Aphungu tsopano alipo 229, kuchoka pa 193. Mmalo mongowonjezera madera, mipando ina ikanakhala yolipira. Ndiye munthu wa ku Chapananga akanavotera phungu amene amamudziwa, kaya ndi woima payekha, kenako voti yachiwiri n'kupatsa chipani chaching'ono chimene chikunena zomveka za madaiki, za mtengo wa thonje, za amene adzapindule ndi ngalande yothirira yochokera ku Kapichira. Voti yachiwiriyo siingatayike. Ndipo chipani chachikulu, ngakhale chikudziwa kuti dera lakuti sichingapambane, chikanabwerabe kudzapempha voti imeneyo, chifukwa iliyonse ikuwerengedwa.

Ndinamva zoti kwina amalemba 1, 2, 3. Zimayenda bwanji?

Ku Australia ndiko. Woyamba kumtima kwako umamulemba 1, wotsatira 2, mpaka mmunsi. Pakasowa woposa theka, wotsalira kwambiri amachotsedwa ndipo mapepala ake amapita kwa amene analembedwa 2. Amatero mpaka wina aposa theka. Monita wanga uja akanavotera munthu wake mopanda mantha. Ena amati agogo a kumudzi sangathe. Ine sindivomereza: agogo amene amasiyanitsa mbewu zisanu za mapira sangalephere kusanja anthu atatu. Papua New Guinea, dziko la midzi ndi zilankhulo mazanamazana, lakhala likuvota 1, 2, 3 kuyambira 2007. Chovuta chenicheni n'kuwerenga, kumatenga masiku, ndipo kuno zotsatira zikachedwa mitima imakwera.

Bwanji tingovotera oima paokha?

Tikuchita kale. Mu 2019 oima paokha anapambana mipando 55, yofanana ndi ya MCP, pamene DPP inali ndi 62. Koma yang'anitsitsani kuti ndi ndani. Ambiri ndi anthu a zipani zomwezo amene anagwa kapena kuberedwa pachipulula. Akangolumbira, mumamva kuti "ndigwira ntchito ndi boma pofuna chitukuko cha dera langa."

Gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko limati phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani akalowa chipani china mpando wake ukhale wopanda munthu. Bingu atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005, aphungu anakhamukira kumeneko, nkhani inazungulira m'makhothi zaka, nthawi yawo n'kutha ali pamipando. Panalinso Gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe. Aphungu analichotsa mu 1995, malamulowo asanathe n'chaka chimodzi chokhazikika. Mukandifunsa chimene ndingabwezeretse mawa m'mawa, ndi chimenecho.

Ine ndatopa. Ndikangokhala kunyumba osavota?

Ndi ufulu wanu, kuno si ku Australia kumene osavota amalipira chindapusa. Koma wopambana amawerengedwa pa mavoti amene aponyedwa. Mukakhala pakhonde, amene walandira K2,000 pamsonkhano ndiye wakusankhirani. Kugawa ndalama kokopera mavoti n'koletsedwa ndi lamulo la zipani la 2018, ngakhale tonse timaona zimene zimachitika kuseri kwa galimoto. Kuononga dala pepala nakonso sikutumiza uthenga, limangoikidwa pamulu wa mavoti oonongeka pamodzi ndi a amene anachonga pawiri mosadziwa. Ku India kuyambira 2013 kuli malo ovotera kuti "palibe amene ndikumufuna". Kuno kulibe.

Ngati mwatopa ndi awiri apamwamba, kumbukirani kuti mapepala ndi atatu. Palibe lamulo loti muchonge chizindikiro chimodzi ponseponse, ngakhale pamsonkhano amakuuzani choncho.

Angasinthe zimenezi ndani?

Aphungu omwewo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kusintha malamulo oyendetsera dziko kumafuna aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo magawo ena amafuna referendamu. Amene anapambana ndi njira imene ilipoyi sangaithamangire kuisintha. Mu 2017 komiti yapadera ya Law Commission inapereka maganizo a 50+1 komanso mipando 28 yapadera ya amayi, umodzi m'boma lililonse. Mu December chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakana mabilo a zachisankho. 50+1 inadzalowera kukhothi patapita zaka ziwiri, anthu atayenda m'misewu miyezi yambiri. Mipando ya amayi ija sinabwerenso.

Chisankho chapatatu chotsatira chili mu 2030. Ofuna mipando ayamba kuonekera pamaliro ndi pamipira kukali zaka ziwiri. Akadzaima pansi pa mtengo kwa amfumu n'kupempha mafunso, pambali pa za mjigo ndi mlatho, wina adzaimirire afunse kuti: "Olemekezeka, bilu yobwezeretsa Gawo 64 ikabwera, mudzavota inde kapena ayi?" Wina wokhala ndi foni ajambule yankho lake, alisunge.